Kodi volovolo ya agogo inamenyadi nkhondo?

Funso: Zikomo akonzi. Agogo anga aamuna anatisiyira mfuti yaing'ono ya mtundu wa volovolo, yomwe pambali pake palembedwa kuti Webley Mark VI, ndipo pakhomo pano timangomva kuti inagwira ntchito pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ndayesa kuipala dzimbiri ndi sandipepa kuti malemba aoneke bwino. Kodi ndingadziwe bwanji mbiri yake yeniyeni?

Yankho: Poyamba penipeni, bambo, sandipepayo muikeni kutali, chifukwa zizindikiro zimene mukufunazo ndi zosazama, ndipo zikafufutika mbiri ya mfutiyo yapita nazo. Kansalu kofewa ndi kadontho ka mafuta n'zokwanira. Onetsetsaninso kuti mulibe chipolopolo, komanso kuti mfutiyo ndi yolembetsedwa motsatira malamulo.

Dzina mwatchulalo likugwirizana ndi nkhani ya pakhomo panu. Asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito Mark VI mu 1915, ndipo inkapangidwa ndi kampani ya Webley & Scott ku Birmingham. Imalowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi za .455, ndipo poitsegula imathyoka pakati, mpope n'kuweramira pansi. Komabe dzina lokha si umboni, pakuti fakitale ya boma ya ku Enfield inapanganso mfuti zomwezi m'zaka za m'ma 1920, nkhondo itatha kale.

Tsono itengereni powala, muiyang'anitsitse. Pafupi ndi dzina la kampani pamakhala chaka, monga 1916 kapena 1917. Fufuzaninso kachizindikiro konga mutu wa muvi, kamene kamasonyeza kuti mfutiyo inali katundu wa boma la Britain. Mukaona mivi iwiri yoloza pamodzi nsonga ndi nsonga, dziwani kuti boma linadzaigulitsa itatha ntchito. Tizisoti tachifumu tokhala ndi manambala pansi pake ndi zidindo za amene ankaiyendera. Nambala ya mfutiyo iyenera kufanana pa thunthu, pa mpope ndi pa chigawo chozungulira chija molowa zipolopolo, ndipo ikasiyana ndiye kuti wina anaphatikiza ziwalo za mfuti zingapo, zomwe zinkachitika kawirikawiri pokonza.

Muvi ukasowa musafulumire kukhumudwa, popeza akuluakulu a asilikali nthawi imeneyo ankadzigulira okha mfuti zawo m'masitolo.

Chimene chitsulocho sichingakuuzeni n'chakuti anainyamula ndani, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Nthawi zina pa chitsulo cha chogwirira pamadindidwa zilembo za gulu la asilikali, koma dzina la munthu silipezeka kawirikawiri. Kuti muilumikize ndi agogo anu, funani makalata awo a usilikali, mamendulo kapena zithunzi, muone ngati gulu ndi zaka zikugwirizana ndi zidindozo. Jambulani chidindo chilichonse, ndipo zithunzizo mukhoza kufunsira nazo kwa akatswiri a ku Royal Armouries, nyumba yosungira zida zakale ya ku Leeds.