Mu Formula One ntchito si ya dalaivala yekha

Achimwene, mwafunsa ngati mnyamata wanu wokonda magalimoto angapeze ntchito mu Formula One, mpikisano wapadziko lonse wa magalimoto othamanga kwambiri, popanda chuma. Kuyendetsako n'kovutadi. Lewis Hamilton, dalaivala wotchuka wa Formula One, anayamba mipikisano ya timagalimoto ta kart ali ndi zaka 8, bambo ake akugwira ntchito zingapo kuti alipire. Komatu timu iliyonse imapikisanitsa madalaivala awiri okha, pomwe antchito ake ndi mazanamazana.

Ron Dennis anayamba ngati makaniko ku timu ya Cooper mu 1966, sipanala m'manja, n'kudzatsogolera timu ya McLaren. Posintha matayala pokha mpikisano uli mkati pamakhala anthu pafupifupi 20, ndipo ntchitoyo imatha m'masekondi awiri kapena atatu.

Mnyamatayo musamufooketse ayi. Alimbikire masamu ndi uinjiniya. Matimu ambiri ali ku England, monga Mercedes ku Brackley ndi McLaren ku Woking.