Magazi osalekeza: tinamizire jakisoni?

Mayi wina wa zaka 41 watilembera pa imelo kuti ali pa jakisoni wolera wa Depo, ndipo miyezi itatu tsopano akumasamba masiku 12, magazi ake oundana. Akakhalanso malo amodzi ndi bambo akunyumba akumaona timagazi. Anzake akumuuza kuti ndi jakisoni basi, asadandaule.

Mayi, anzanuwo sakunama kwenikweni. Depo amasokonezadi msambo, makamaka chaka choyamba: ena amangodontheza, ena amasiyiratu. Koma magazi obwera mukakhala ndi bambo ndi nkhani ina. Amenewo tisamunamizire jakisoni namwino asanaone khomo la chiberekero.

Msambo wabwinobwino umabwera pakadutsa masiku 24 mpaka 38, ndipo supitirira masiku 8. Padi ikamadzaza pasanathe maola awiri, kapena mukamadzuka usiku kukasintha, magaziwo achuluka.

Kuchipatala ayambe n'kuyeza mimba, ngakhale mukulera, chifukwa mimba yopita padera kapena yokhala kunja kwa chiberekero imayambanso chonchi. Kenako ayeze kuchuluka kwa magazi m'thupi. Chachikulu ndi VIA: namwino amatsegula njira ndi kachipangizo, n'kupaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Malo odwala amayera. Akapezeka msanga amawatentha tsiku lomwelo, asanasanduke khansa. Nthawi zambiri amafuna mubwere magazi atalekeza, koma musakhale kunyumba kudikira. Pitani, akaone okha. Sikani, makina ounikira m'mimba, ndiyo imaonetsa zotupa za m'chiberekero, zimene zimavuta amayi ambiri a msinkhu wanuwu. Ngati mumachapa kapena kusamba m'nyanja, kaya ku Mangochi kaya ku Salima, nenani, pakuti likodzo limachititsanso zilonda pakhomo la chiberekero.

Mankhwala amatsata chimene chapezeka. Pochepetsa magazi adokotala amapereka tranexamic acid, gramu imodzi katatu patsiku kwa masiku osapitirira anayi kapena asanu, koma amene anadwalapo matenda oundana magazi m'mitsempha samwa. Ibuprofen amathandizako, aspirin musiyeni, amawonjezera kutaya magazi. Mapiritsi a ayironi mumwe miyezi itatu, osati ndi tiyi, ndipo chimbudzi chikada musadabwe. Chidede ndi bonongwe idyani ndithu, kungoti pazokha sizingabweze magazi otayika miyezi itatu.

Mukamva chizungulire, mtima kuthamanga, phuma, zikhatho kuyera, kapena ululu woopsa mbali imodzi ya chinena, musadikire tsiku la sikelo ya kulera. Pitani lero, buku lakuchipatala lili m'manja, mutalemba masiku amene munayamba ndi kuleka kusamba miyezi itatuyi.