Sats, mBTC kapena BTC: muziwerenga Bitcoin ndi muyezo uti?

Wowerenga wina watilembera imelo yokhudza wallet, pulogalamu yosungira ndi kutumizira ndalama ya pa intaneti ya Bitcoin: "Wallet yanga ikufuna ndisankhe BTC, mBTC, bits kapena sats. Maziro akundizunguza mutu. Ndisankhe uti, nanga ndizolowera bwanji?"

Achimwene, sankhani sats. Bitcoin imodzi (BTC) ili ndi masatoshi 100,000,000, omwe mwachidule amatchedwa sats. mBTC imodzi ndi masatoshi 100,000, pomwe bit imodzi ndi 100. Ndalama zake n'zomwezo, chosiyana ndi malo a kadontho. Vuto la BTC ndi lakuti 0.0005 ndi 0.005 zimafanana m'maso, koma mukaiwala ziro mmodzi mwatumiza kuchulukitsa kakhumi, ndipo kutumiza Bitcoin kukatsimikizika, sibwezedwa. Mukalemba ndalama zomwezo m'masats, 50,000 ndi 500,000, diso limagwira kusiyanako msanga. Ndalama zolipirira kutumiza amaziwerenganso m'masats, ndipo mawallet ambiri a Lightning (njira yotumizira Bitcoin mwachangu) amaonetsa sats. Bits zisiyeni, ozigwiritsa ntchito ndi ochepa. Choopsa kwambiri ndi kugwirizana mtengo wina akunena mBTC, inu mukumva bits: kusiyana kwake ndi ka 1,000. Polemba mtengo, muyezo uzilembedwa pambali pa nambala nthawi zonse.

Za kuzolowera, onani a ku Zambia. Pa 1 Januwale 2013 anachotsa maziro atatu pa kwacha yawo, K1,000 n'kukhala K1, ngwee n'kubwereranso m'matumba. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndalama zakale ndi zatsopano zinkayendera limodzi, mitengo ikulembedwa pawiri. Mozambique inachita chimodzimodzi ndi ndalama yake ya metical mu 2006. Anthu amazolowera akasunga pamtima mitengo ya zinthu zochepa, monga buledi ndi basi, n'kumayerekezera zina ndi zimenezo.

Koma apa pali msampha. Ku Zambia masamuwo anali osasintha: gawani ndi 1,000, basi. Sats sizili choncho, mtengo wake pa kwacha umasintha ola lililonse, ndiye mtengo wa buledi umene mwasunga pamtima lero ukhoza kukupusitsani mwezi wamawa. Ikani wallet ionetse sats pamodzi ndi dola kapena kwacha. Ikaonetsa kwacha, fufuzani reti imene ikugwiritsa ntchito, chifukwa ya kubanki imasiyana ndi imene ogula a P2P (anthu ogulana Bitcoin mwachindunji) angakupatseni. Mtengo gwirizanani m'kwacha, musinthire ku sats pa nthawi yolipira yeniyeniyo. Ngati ndalama ndi zambiri, yambani mwatumiza pang'ono, mnzanuyo atsimikize kuti zafika, ndiye mutumize zotsalazo.