Phala la mu batire: bwanji osangolisungunula?

Achimwene ena amene amaika ma inverter (makina osintha magetsi a m'batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) kuno ku Johannesburg anditumizira imelo. Akuti anamva kuti batire la lithium limayamba ngati phala lopakidwa pa chitsulo chopyapyala, ndiye akufunsa: phalalo likalimba, bwanji osangowonjezera madzi kuti lipakike mosavuta?

Achimwene, tiyambe ndi zili m'phalamo. Batire lili ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi ufa wokhala ndi lithium, wotchedwa LFP (wa ayironi ndi phosphate) kapena NMC (wa nickel, manganese ndi cobalt), kaboni wakuda ndi guluu wa PVDF, zonse mu mankhwala amadzi otchedwa NMP, kupakidwa pa aluminiyamu. Inayo ndi graphite (mtundu wa kaboni) m'madzi enieni, ndi zomatira zotchedwa CMC ndi SBR, kupakidwa pa kopa.

Phalali limafunika makhalidwe awiri otsutsana. Likakhala m'thanki ligwirane, apo ayi ufa wolemera umakhazikika pansi. Likamakankhidwa pa kampata ka makina opakira, lifewe liziyenda. Likangotuluka lisalale kaye, kenako ligwiranenso lisanayenderere m'mphepete. Amene munagwirako ganyu yopenta mukudziwa: penti wabwino amamvera burashi koma sachucha pakhoma. N'chifukwa chake kulimbako amakuyeza pa liwiro losiyanasiyana ndi makina otchedwa rheometer. Wina akakupatsani nambala imodzi yokha, ine ndimati sanakuuzeni kanthu.

Tsono m'phala la mbali yoyamba ija chosungunulira si madzi koma NMP, ndipo kuwonjezera NMP kuli ndi mtengo wake. Imawira pa madigiri Celsius pafupifupi 202, ndi yoopsa m'thupi, ndipo yonse iyenera kuumitsidwa m'mauvuni aatali, nthunzi yake n'kugwidwanso. Mukaumitsa mothamanga, guluu amakwera pamwamba, pansi n'kutsala posamata, ndiye zopakazo zimamatuka pa chitsulo. Palinso phala lina lolimba chifukwa cha matenda: ufa wa NMC wokhala ndi nickel wambiri ukakoka chinyezi umawononga PVDF, phala n'kuundana. Limenelo kuthira NMP n'kutaya nthawi.

Opanga mabatire ena anangoganiza zochepetseratu madziwo. Amapanga timibulu tonyowa pang'ono, n'kutipsinja pakati pa zogudubuza mpaka tikhale kansalu. Chimagwirizitsa ufawo ndi timadontho tokhala pamene njere zakhudzana. Madzi akachepa kansaluko kamanyenyeka. Akachuluka timibulu timaundana, osatsika bwino, n'kumamatira pa zogudubuzazo. Malire ake ndi opapatiza zedi.

Mu 2019 Tesla, kampani yopanga magalimoto a magetsi, inagula kampani ya Maxwell Technologies, yomwe inali ndi njira youma ndithu: pulasitiki yotchedwa PTFE imakokedwa kukhala tiulusi tomanga ufawo. Koma mafakitale ambiri akadapakabe phala, kuphatikizapo opanga ma cell (timabatire ta m'kati mwa batire lalikulu) a LFP amene mukuika m'nyumba za anthuwo.