Dikoda yanga sinafe, nanga bwanji akuti ndiisinthe?

FUNSANI AMISIRI

Funso:

Amisiri, ndine bambo wa zaka 63, ndimakhala ku Chawama koma kwathu ndi ku Katete. Dikoda yanga ndinaigula mu 2009 ndikadali pantchito yoyendetsa malole. Ndi yomweyo imene tinaonerapo Chipolopolo ikutenga chikho mu 2012, anthu atadzaza m'nyumba, ena akusuzumira pawindo. Sinandivutepo. Koma kuyambira mwezi wathawu matchanelo akusowa imodziimodzi, ndipo ena mawu akumveka koma chithunzi kuli bii. Kampani imene ndimalipirako yanditumizira uthenga pafoni kuti mtundu wa dikoda yangayi susachedwa kusiya kugwira ntchito, ndikasinthe. Mnyamata wina ku Town Centre anandidya K150 kuti aiflashe, koma palibe chasintha. Kodi kumeneku si kutibera? Ndiye kuti ndigulenso dishi ndi TV? TV yanga ndi ija ya chimsana.

Bambo wa ku Chawama

Yankho:

Bambo, pepani ndi K150 ija. Yapita, ndipo musaonjezereponso ina, ngakhale wina atakulumbirirani kuti iye ndiye katswiri kuposa woyambayo. Dikoda yanu sikudwala ayi. Imene yasintha ndi nkhani yochokera kumwambako.

Ndifotokoze mmene ndimafotokozera makasitomala anga. Setilaiti imene dishi yanu inalozako ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo malo a m'menemo makampani a TV amachita kubwereka ndi ndalama zambiri. Dikoda zakale ngati yanuyo zimamva njira yopanikizira zithunzi yotchedwa MPEG-2, zatsopano zimamva MPEG-4. Njira yatsopanoyi imanyamula chithunzi chomwecho m'malo ochepa, pafupifupi theka la akale. Zili ngati lole imene munkayendetsa ija: katundu yemweyo, koma wina wapeza mapakidwe oti matumba alowe owirikiza kawiri paulendo umodzi. Kampani ikasamutsira tchanelo kunjira yatsopano, dikoda yakale nthawi zina imagwirabe mawu koma chithunzi imalephera kuchimasula. N'chifukwa chake mukumva wowerenga nkhani akulankhula mumdima. Matchanelo amene asoweratuwo kawirikawiri amakhala kuti asamutsidwira ku katumizidwe kena kotchedwa DVB-S2, kamene dikoda zakale siziona n'komwe.

Ntchito yomasula chithunziyi imagwiridwa ndi kachipangizo kowotcheredwa pabolodi m'kati mwa dikoda. Kuflasha ndi kulembamo pulogalamu chabe, sikusintha kachipangizoko. Mnyamata uja mwina ankadziwa zimenezi, mwinanso ayi. Ine sindinalipo.

Tsono za kuberazo. Kunena zoona, wopindula kwambiri ndi kusinthaku ndi kampani, osati inu. Iwo amapeza malo oikamo matchanelo ena ndi zithunzi za HD, amasiya kutumiza tchanelo imodzi kawiri, yakale ndi yatsopano, komanso amatseka mipata imene anthu oonera mozemba ankalowera pa makhadi akale. Inu amene mumangofuna nkhani za madzulo ndi mpira wa Loweruka simunapemphe zonsezi. Komabe sindinganene kuti ndi kuba, pakuti chipangizo cha 2009 chatumikira mokwanira, ndipo zida zake zosinthira sitizipezanso. Chimene ndimakana ine n'chakuti munthu amene wakhala akulipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zonsezi agule dikoda pamtengo wofanana ndi wa munthu wobwera lero. Nthawi zambiri makampani akamachotsa dikoda zakale amaika mtengo wotsikirapo kwa obweza yakaleyo, koma si wogulitsa aliyense amene angakuuzeni musanafunse. Pitani ku ofesi yawo yeniyeni kapena kwa ejenti wovomerezeka, mutanyamula dikoda, khadi lake ndi NRC yanu. Mufunse kaye za mtengo wosinthanitsa musanatulutse ndalama. Mufunsenso kuti masiku amene munalipira kale asamutsidwire ku khadi latsopano, chifukwa khadi limamangiriridwa ku dikoda yake, lakalelo silidzagwira m'bokosi latsopano. Lisiti musaisiye pakauntala.

Ena akamva zimenezi amasokoneza ndi zimene zinachitika mu 2017, ndiye ndilekanitse. Nkhani ija inali ya TV ya mlongoti, osati ya dishi. Mayiko anagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasiya kuulutsa TV mwa njira yakale yotchedwa analogi. Ife tinachedwerapo, ndipo m'matauni a m'mbali mwa njanji, Lusaka yomwe, analogi inazimitsidwa mu October 2017, nthawi imene TopStar, kampani ya ZNBC ndi StarTimes, inkagulitsa madikoda ake. Mukukumbukira mmene anthu anadandaulira kuti TV zawo zafa, pomwe zinali zamoyo? Zanuzi zikufanana nazo, kungoti zachitikira kumwamba.

Dishi musathamangire kugula. Ndi mbale yachitsulo chabe, ilibe za MPEG-2 kapena MPEG-4, ntchito yake ndi kusonkhanitsa siginolo n'kuiponya pa kamutu kaja ka kutsogolo kotchedwa LNB. Ngati sinapindike ndipo dzimbiri silinadye pomangira, isiyeni. Ine ndimakayikira kamutuko ndi nthambo. Mwezi wathawu ndinakwera padenga la mayi wina ku Mtendere amene anagula dikoda yatsopano, chithunzi n'kumangoduka m'timabokosi, iye n'kuyamba kutukwana kuti amugulitsa yabodza. Nditafika pamwamba ndinapeza kachivundikiro ka LNB katang'ambika ndi dzuwa, kakufumbutuka ngati chigoba cha dzira. Nditamasula kanati ka nthambo, madzi a dzimbiri anandidonthera m'manja, kawaya ka pakati katasanduka kobiriwira. Dikoda yakale inkapirira zimenezo. Siginolo yatsopanoyi imafuna njira yoyera, ikapeza nthambo yonyowa imanyanyala, makamaka mitambo ikada mu January. Tinasintha LNB ndi nthambo, dishi yomweyo, chithunzi chinabwera mbee.

Choncho itanani munthu wodziwa akwere padenga ndi mita yake, asamangoyang'ana ali pansi. Pa TV pamatuluka mizere iwiri, wa mphamvu ya siginolo ndi wa ubwino wake. Wachiwiriwo ndiye muziuyang'anitsitsa, pakuti woyambawo umatha kudzaza ngakhale dishi italoza kolakwika. Ndipo ngati ana akunyengererani kugula dikoda ija yojambula mapulogalamu, dziwani kuti yambiri mwa imeneyo imafuna LNB yamtundu wina. Kwa inu ndikuona kuti yaing'ono wamba ikukwanirani.

TV ya chimsanayo ingathe kupitiriza ntchito, bola muchenjere pogula. Tembenuzani dikoda yatsopanoyo muone kumbuyo. Ina imabwera ndi kabowo ka HDMI kokha, kamene TV yanu ilibe. Inu mufune yokhala ndi potulukira nthambo zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, kapena kabowo kamodzi kolembedwa AV kokhala ndi nthambo yake m'katoni. Chithunzi sichidzakhala cha HD, chidzakhala monga munazolowera, ndipo mwina mudzaona mizere yakuda pamwamba ndi pansi chifukwa zithunzi za masiku ano n'zotambalala. Zimenezo zimakonzedwa pa rimoti.

Pamsika mudzapeza madikoda ogwiritsidwapo kale ntchito otchipa mokopa. Ambiri ndi amene anzanu ataya pa chifukwa chomwechi, angowapukuta fumbi. Musagule musanaone ndi maso anu ikuonetsa tchanelo imene yasowa kwanu ija.

Chinanso, poti mwatulutsa kale ndalama, onjezeranipo pulagi yoteteza ku mphamvu ya malaiti. Kuyambira chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo tinkakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, madikoda amene afika pabenchi langa ambiri ndi opsa mbali yolandira magetsi. Malaiti akamabwerera amabwera ndi ukali. Akazima, zulani pulagi pakhoma, mudzabwezeretse papita mphindi zingapo atayaka.

Yakaleyo akapanda kuitenga, musaiotche ndiponso musaiponye mungalande. M'kati mwake muli mtovu ndi pulasitiki wa utsi woipa, ndipo ngalande za ku Chawama mukuzidziwa nokha mmene zimachitira mvula ikagwa. Ipatseni okonza mawailesi achotsemo zimene angagwiritse ntchito. Kapena muisunge m'kabati, palibe angakudzudzuleni. Inenso usiku wa pa 12 February 2012 ndinaonera pa bokosi ngati lanulo, ndipo Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza ku Libreville mlamu wanga analumpha n'kukoka nthambo, moti chikho chenichenicho tinakaonera kwa aneba.

Mukamapita kukasinthanitsa, nthambo zitatu zija muzisiye kunyumba, musazipereke pamodzi ndi dikoda. Si katoni iliyonse yatsopano imene imabwera nazo, ndipo mudzazifuna madzulo omwewo.