Kodi ndingayende ndi ndodo yachitsulo yodzitetezera kuno ku Joni?

Achimwene ena andilembera pa imelo. Amagwira ntchito mulesitilanti ku Rosebank koma amagona ku Yeoville, amaweruka usiku, ndipo akuti atsotsi anawalandapo kale foni akutsika takisi. Funso lawo ndi ili: "Ndaona m'mashopu ndodo zachitsulo zija zolowetsana, zimene zimafutukuka ukazigwedeza. Ndikagula n'kumayenda nayo m'chikwama, apolisi akandipeza nayo andimanga?"

Achimwene, kungokhala ndi ndodoyo si mlandu m'dziko muno la South Africa, ndipo safuna laisensi. Za laisensi n'za mfuti, pansi pa Firearms Control Act ya 2000, ndipo ambiri a ife sitingaipeze n'komwe chifukwa amapatsa nzika kapena amene ali ndi chilolezo chokhala muno mpaka kalekale. Lamulo lokhudza ndodo yanuyo ndi Dangerous Weapons Act, nambala 15 ya 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 2 Januwale 2014. Lamuloli silinandandalike zida zoletsedwa. Limangoti chida choopsa ndi chinthu chilichonse, kupatula mfuti, chomwe chingaphe kapena kuvulaza munthu kwambiri. Ndiye kuti chikwanje, chibonga, mpeni, ngakhale sikuludiraiva, zonse zili m'gulu limodzi ndi ndodoyo.

Mlandu umabadwa pamene mwapezeka nacho m'njira yochititsa munthu woganiza bwino kukayikira kuti mukufuna kuchitira zoipa. Chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira zaka zitatu. Apa ndiye pagona nkhani. Khoti limayang'ana malo ndi nthawi imene mwapezeka, khalidwe lanu (kodi mumaopseza anthu?), mmene mwanyamulira chidacho, komanso ngati pali fungo la mankhwala ozunguza bongo kapena magulu a zigawenga. Limamvanso chifukwa chimene inuyo mwapereka, ngakhale lamulo silikukakamizani kuyankhula.

Tangoganizani anthu awiri. Wina watsika takisi ku Yeoville cha m'ma 11 koloko usiku, wavala yunifomu ya kuntchito, ndodo ili phee m'chikwama pamodzi ndi kontena ya chakudya. Wina waima pakona ku Hillbrow nthawi yomweyo ndi anzake atatu, mowa uli m'mutu, ndodo ili m'manja yofutukula kale. Ndodo ndi imodzimodzi, koma wachiwiriyu akagona kupolisi. Vuto lake n'lakuti pamsewu woyamba kuweruza ndi wapolisi, osati majisitireti, ndipo ife alendo timadziwa mmene amatisechera. Akakufunsani, yankhani mofatsa kumene mukuchokera ndi kumene mukupita, ndipo mapepala anu akhale pafupi. Akakumangani, muli ndi ufulu wokhala chete, ayenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48 (kumapeto kwa sabata kumatha kutalikitsako), ndipo a Legal Aid South Africa amathandiza osowa ndalama ya loya.

Pali malo amene musapite nayo n'komwe. Pazionetsero ndi poletsedweratu malinga ndi Regulation of Gatherings Act ya 1993, kaya mtima wanu ndi woyera bwanji. Kukhoti ndi m'maofesi ambiri a boma amasecha pakhomo, ndipo kubwalo la ndege la OR Tambo siilowa m'chikwama chokwera nacho m'ndege. Kumowa nakonso musapite nayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kunyamula ayi, koma kumenya. Lamulo la kuno limalola kudziteteza ngati munthu wakuyambani kale kapena watsala pang'ono kutero, ndipo mphamvu yanu isapose ngozi imene mwakumana nayo. Tsotsi akatembenuka n'kuyamba kuthawa ndi foni, inu n'kumuthamangitsa mpaka kum'phwanya mutu, khoti silidzakuonani ngati wodziteteza. Mudzayankha mlandu wovulaza munthu mwadala, ndipo akafa ndiye nkhani ina. Kwa mlendo, mbiri ya mlandu imakutsatirani mpaka tsiku lokakonzetsa pemiti ku Home Affairs.

Ndinenenso mosabisa: atsotsi a mu Joni kawirikawiri sayenda okha, ndipo mfuti sizisowa. Munthu atakulozani mfuti, kupisa dzanja m'chikwama kufuna ndodo n'kudziitanira maliro, ndipo mukudziwa ndalama zimene timasonkherana kuti thupi lifike kumudzi. M'patseni foniyo. Ndodo ingakuthandizeni kwa munthu mmodzi wopanda mfuti, kum'menya pamkono kapena pamwendo kuti mupeze mpata wothawa, basi. Mukaigula, phunzirani kuifutukula ndi kuipinda kunyumba kaye, chifukwa zotchipa zina zimakakamira kapena kupindika zokha.

Zonse ndanenazi n'za South Africa yokha. Tsiku lokwera basi ku Park Station kupita kumudzi, isiyeni kuno. Mukawoloka Beitbridge mwalowa m'malamulo a Zimbabwe, kutsogoloko a Mozambique, kenako a kwathu pa Mwanza, ndipo pachipata chilichonse akhoza kukutsegulitsani chikwama.