Antchito anga afooka, nditani? Yankho kwa mayi a lesitilanti ku Limbe

Mu imelo mwabwera funso lochokera kwa mayi ena amene ali ndi lesitilanti ku Limbe, antchito 8, ophika, ma weta, otsuka mbale ndi mlonda. Akuti anawagulira ma T-shirt olemba dzina la bizinesi, pa Khrisimasi anawakonzera phwando, anayambitsanso zosankha wantchito wabwino pamwezi nkumata chithunzi chake pakhoma, koma anthu akubwerabe mochedwa, nkhope zili ndwii, awiri anasiya osatsanzika nkomwe, mmodzi akumveka kuti ali ku Joni. Kumapeto kwenikweni anangoti, "malipiro nthawi zina amachedwa pang'ono geni ikavuta koma ndimawapatsa ndithu." Akufunsa kuti atani kuti anthuwa azigwira ntchito ndi mtima wonse.

Mayi, musandikwiyire, koma vuto lanu lalikulu mwalilemba nokha mu mzere womalizawo. Kwa inu ndi kuchedwa pang'ono, kwa weta amene akuchita lendi ku Bangwe kapena ku Ndirande masiku ochedwawo ndi landilodi pakhomo mmawa ulionse, ngongole ya pa okala, mwana abwezedwa kusukulu, ndiye amathawira kwa akatapila ndipo chiwongola dzanja cha kumeneko mukuchidziwa, mwezi wamawa salale ikamabwera theka ndi la eni ake kale. Munthu wotereyu mukamuuza kuti azimwetulira kasitomala angamwetulire bwanji mutu uli kwa landilodi? Sankhani tsiku, kaya pa 25 kaya pa 28, lisasunthe. Ndalama ya malipiro muzipatula tsiku ndi tsiku pa zomwe mwagulitsa, iziikidwa payokha ku akaunti ina kapena pa Mpamba kapena Airtel Money, osati kumayembekeza kuti sabata yomaliza geni iyenda. Zikavutitsitsa auzeni kukadali nthawi, muwauzenso tsiku lenileni, osati "mawa mawa", ndipo musafike ndi foni yatsopano sabata imene iwo sanalandire, amaona zonse.

Za kuchuluka kwa ndalamayo nazonso tisabisane. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mafuta ophikira, ufa, sopo, thiransipoti zonse zinakwera, ndipo mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000. Inu mtengo wa mbale ya nsima ya chambo munakweza kangati chichokereni nthawi imeneyo? Weta amene amanyamula mbaleyo mtengo amaudziwa bwino, ndiye ngati yake sinasunthe amawerengera chamumtima. Pitani ku ofesi ya zantchito mukaone mlingo womwe ukugwira ntchito panopa, musakhale pansi pake. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola ndi 48 pa sabata, opitirira pamenepo ndi ovataimu yolipidwa, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, mayi akachira masabata 8 akulandira malipiro onse. Penshoni bwana amaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5. Mmalesitilanti ambiri anthu amalowa 6 koloko mmawa nkutuluka kasitomala womaliza akachoka usiku, Lamlungu lomwe, chaka chonse osapuma, kenako tikudabwa kuti afooka. Ameneyo ndi munthu wotopa basi.

Koma pali china chomwe sichifuna ndalama ndipo ine chimandipweteka kwambiri ndikachiona, kukalipira munthu pamaso pa makasitomala. Bambo wamkulu, wabanja lake, kutchalitchi kwawo mwina ndi mkulu wampingo, mukumuti "iwe" mokuwa chifukwa tchipisi chachedwa, anthu akudya akuyang'ana. Angoti pepani madamu, koma ntchito yanu yathera pomwepo mumtima mwake, kuyambira tsiku limenelo azingochita zoti asachotsedwe. Muitanireni kuseri, munene chomwe chalakwika, mumvenso mbali yake. Chimodzimodzi zodula malipiro mbale ikasweka osafunsa nkomwe kuti zinakhala bwanji. Onaninso zomwe amadya masana, munthu asamakazinge nkhuku tsiku lonse iye nkumadya zotsala mmbale za anthu. Maliro akagwa mpatseni masiku ndi kachipepeso, ndipo ngati kuli pafupi kafikeni nokha mukakhale nawo pa siwa, anthu athu zimenezi saiwala.

Za chithunzi cha pakhoma zija ine ndikanasiya kaye. Pa anthu 8 okha, makamaka ngati pa kauntala pali mwana wa achemwali anu amene amafika 9 koloko osafunsidwa kanthu, mpikisano woterewu umangobala kaduka ndi miseche kukhitchini. Wachibale azitsata lamulo lomwelo kapena asakhalepo. Kuyamika kokha musaleke, koma kuzikhala kwa tsiku lomwelo komanso kotchula chinthu, monga "achimwene, momwe munamutonthozera kasitomala waukali uja mwatipulumutsa." Ndipo mwezi ukayenda bwino gawani kenakake kwa onse, wotsuka mbale ndi mlonda omwe.

Awiri anachoka aja musadzizunze nawo kwambiri, randi simungalimbane nayo, ena adzapita ngakhale mutawachitira zonse. Amene atsala ndi amene mungawasunge ngati akuona kutsogolo. Wotsuka mbale amene wakhala nanu zaka ziwiri ayambe kuima pambali pa wophika, weta wanzeru muphunzitseni kulemba sitoko ndi kupita ku msika wa Limbe kukagula, mufunsenso ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro afupiafupi a zophika.

Sabata ino musaitanitse miting'i ya onse pamodzi, palibe amene adzalankhule, azingoti zonse zili bwino madamu. Khalani ndi mmodzimmodzi mphindi khumi mutatseka, mufunse chinthu chimodzi chomwe chikumuvuta pa ntchitoyi, inu osadziteteza, kungolemba. Mwina mumva kuti minibasi za kwawo zimatha msanga ndiye amayenda wapansi usiku kapena kulipira kabaza wodula, pamenepo mungokonza kuti okhala kutali aziweruka moyambirira. Pa zomwe anenezo sankhani ziwiri zoti mungakwanitse mwezi uno usanathe, muzichite, zinazo muwauze chilungamo kuti panopa simungathe komanso chifukwa chake.